King's Cross St Pancras: mafunso ndi mayankho pa siteshoni ya pansi pa nthaka pomwe malaini 6 amakumana

Chibwerereni kuno ku Lusaka, mwezi sutha osaimitsidwa ndi munthu pa geti la tchalitchi kapena kulandira uthenga pa WhatsApp. Wina mwana wapeza malo pa yunivesite ku Leeds, wina mlamu wapeza ntchito yosamalira okalamba ku Nottingham, ndipo onsewa auzidwa chimodzimodzi: mukatsika ndege ku Heathrow, pitani ku King's Cross mukasinthe sitima. Ndinagwira ntchito ya unamwino ku London kwa zaka zingapo, ndipo siteshoni imeneyi ndinkaipondaponda m'mawa ndi madzulo mpaka miyendo inaloweza njira zake. Mafunso amene abale amandifunsa kawirikawiri ndawaika pamodzi pano, ena a apaulendo, ena a anthu ongofuna kudziwa.

Asisi, mukati siteshoni ya pansi pa nthaka, ndiye kuti ndi mgodi?

Amene anagwirapo ntchito ku Mufulira kapena ku Nkana sachedwa kumva, chifukwa maganizo ake ndi ofanana: khomo pamwamba, njira zotsikira, kenako ngalande zopingasa pansi. Kusiyana kwake n'kwakuti izi sizifika kutali ngati mgodi, ndipo mkati ndi mowala, momata matailosi, moyenda anthu ovala masuti ndi amayi okankha ana. Mumalowa pa masitepe a m'mbali mwa msewu, mumafika m'holo yogulira matikiti, mumadutsa pa geti, mumatsika ndi esikaleta yonga ija ya ku Manda Hill koma yaitali kwambiri, ndipo mumapezeka mwaima pa pulatifomu. Sitima isanaonekere mumayamba mwamva mphepo yofunda ikukuombani kumaso. Ndi mpweya umene sitimayo ikukankha m'ngalande.

Nanga kusintha sitima kumene mumanenaku ndi kotani?

Taganizani munthu wochoka kum'mawa kwa tauni wopita kumadzulo. Minibasi imamutsitsa pa Kulima Tower, koma yopita kumene akufuna ili ku Lumumba kapena ku City Market. Ayenera kuyenda pansi, kudutsa misewu, kupewa ngolo ndi angwang'wazi, kenako kulipiranso. Kusintha n'kumeneko. Pa King's Cross St Pancras malaini 6 a sitima amakumana pansi pa denga limodzi: Circle, Hammersmith & City, Metropolitan, Northern, Piccadilly ndi Victoria. Palibe siteshoni ina ya London Underground, njanji ya pansi pa nthaka ya mumzindawu, yokhala ndi malaini ochuluka chotere. Mukatsika sitima ina mumatsata zikwangwani n'kukakwera ina osatuluka panja, osanyowa ndi mvula, osalipiranso.

Pamwamba pake pali masiteshoni awiri akuluakulu a sitima zopita kutali. King's Cross ndi yopita ku Cambridge, Peterborough, Leeds, York, Newcastle ndi Edinburgh. St Pancras ndi yopita ku Leicester, Derby, Nottingham ndi Sheffield, komanso ya Eurostar yodutsa pansi pa nyanja kupita ku Paris ndi Brussels. Mu 2019 olowa ndi otuluka pa siteshoni ya pansiyi anaposa 80 miliyoni, pamene kalembera wa 2022 anapeza kuti Zambia yonse tilipo pafupifupi 19.6 miliyoni.

Dzinali likutanthauza mtanda wa mfumu?

"Cross" wake ndi mphambano. Malowa kale ankatchedwa Battle Bridge. M'zaka za m'ma 1830 anamangapo chipilala chokumbukira mfumu George IV pamphambano ya misewu, anthu sanachikonde, ndipo pofika 1845 chinali chitachotsedwa. Chipilala chinapita, dzina linatsala. Pa pulatifomu ya Victoria mudzaona matailosi ojambulidwa zisoti zachifumu zisanu zoyalidwa ngati mtanda, kusewera ndi dzina lomweli. St Pancras ndi dzina la tchalitchi chakale ndi parishi ya m'deralo.

Ndani anayamba kukumba, ndipo chinawakakamiza n'chiyani?

Chinawakakamiza ndi kusintha komweku. Mu 1846 komiti ya boma inalangiza kuti njanji zochokera kutali zisalowe pakatikati pa London. Choncho masiteshoni akuluakulu anakhala m'mphepete: Euston ya 1837, King's Cross ya 1852, Paddington chakumadzulo. Munthu akatsika sitima ankayenera kukwera ngolo ya akavalo kukafika kumene kuli mabanki ndi maofesi, ndipo misewu inadzaza mpaka kuima.

Loya wa mzinda, Charles Pearson, analimbikira zaka zambiri kuti njanji idutse pansi pa msewu kulumikiza masiteshoniwa. Injiniya wake anali John Fowler. Makumbidwe ake anali osavuta kuwamva koma osokoneza mzinda wonse: ankatseka msewu, kukumba chidzenje chachitali, kumanga makoma a njerwa mbali zonse, kufolera pamwamba, kenako kubwezera msewu. Msewu waukulu wodutsa kutsogolo kwa King's Cross, Euston Road, uli ndi njanji imeneyi pansi pake mpaka lero. Mukaima pa pulatifomu ya Metropolitan, mabasi ofiira aja akudutsa pamutu panu pafupi pomwepo.

Panali vuto lina limene ife a ku Lusaka tingalimve bwino. M'deralo munkayenda mtsinje wa Fleet, umene anali atautsekera m'ngalande ya njerwa n'kuusandutsa wotaya zonyansa. Mu 1862, ntchito ili mkati, ngalandeyo inaphulika ndipo madzi anadzaza m'chidzenje cha njanji kufupi ndi Farringdon. Madzi saiwala khwawa. Anakonza, ndipo pa 10 Januwale 1863 Metropolitan Railway inatsegulidwa kuchokera ku Paddington kukafika ku Farringdon, mtunda wa makilomita pafupifupi 6, njanji yoyamba ya pansi pa nthaka yonyamula anthu padziko lonse. King's Cross inali imodzi mwa masiteshoni ake oyambirira. Tsiku loyamba anakwera anthu pafupifupi 38,000. Pearson mwini wake sanaione, anamwalira miyezi yochepa isanatsegulidwe.

Sitimazo zinali za malasha, mabogi a matabwa, nyali za gasi. Utsi unkadzaza m'ngalande ndipo anthu ankatuluka akutsokomola, koma sanasiye kukwera. Magetsi anayamba kulowa m'malo mwa malasha mu 1905. Chaka chimenechi ndimakonda kuchitchula chifukwa ndi chomwenso njanji yochokera ku Livingstone inafika pa mudzi wa mfumu Lusaaka n'kuikapo kasiteshoni kamene kanabala mzinda wathu. Ifenso ndife ana a njanji.

Nanga malaini akuya aja anawakumba bwanji, popeza pamwamba panali kale nyumba?

Apa mpamene panalowa munthu wa kuno kum'mwera kwa Africa. James Henry Greathead, wobadwira ku Grahamstown ku South Africa mu 1844, anakonza bwino chida chooneka ngati mgolo waukulu wachitsulo wogoneka. Anyamata ankakumba dothi ali mkati mwa mgolowo, mgolo n'kumakankhidwira kutsogolo, ndipo kumbuyo kwake ankamangirira zidutswa zachitsulo zozungulira kuti dothi lisagumuke. Msewu pamwamba sunkakhudzidwa. Zinatheka chifukwa pansi pa London pali dongo lomata, losavuta kudula, losalola madzi kudutsa msanga. Musunge mfundo ya dongoyi, tidzaifuna tikafika pa funso la Lusaka.

Ngalande zake ndi zozungulira ngati paipi, m'mimba mwake mamita atatu ndi theka okha, n'chifukwa chake eni ake amangoti Tube. Sitima zake ndi zazifupi msinkhu, denga lopindika, ndipo munthu wamtali woima pakhomo amaweramitsa mutu. Utsi wa malasha ukanapha anthu mmenemo, choncho zinayamba ndi magetsi. Yoyamba inali City and South London Railway mu 1890. Pa King's Cross, laini imene lero ndi Piccadilly inafika mu Disembala 1906, ndipo imene lero ndi Northern inafika mu 1907. Victoria inabwera mochedwa kwambiri, pa 1 Disembala 1968, ndipo mainjiniya anachita kuilowetsa pampata wotsala pakati pa ngalande zakale ngati ulusi m'singano.

Tafotokozani mmene mwakhalira mkatimo, kuti ndikhale ndi chithunzi m'mutu.

Yerekezani nyumba yosanja yozondoka, yopita pansi m'malo mokwera kumwamba.

Pamwamba penipeni pali Euston Road, ndipo mukaima moyang'ana masiteshoni, St Pancras ya njerwa zofiira ndi nsanja ya wotchi ili kumanzere, King's Cross ya njerwa zachikasu ndi mazenera awiri aakulu opindika ili kumanja. Pakati pawo pali Pancras Road.

Mukangotsika pang'ono mwafika pa maholo a matikiti. Akuluakulu ndi atatu. Yakale ili kutsogolo kwa King's Cross, pansi pa bwalo limene anthu amakhala. Yakumadzulo ili pansi pa khonde la St Pancras, inatsegulidwa mu 2006. Yakumpoto, yaikulu ndi yowala, ili pansi pa holo yatsopano yodikiriramo sitima za King's Cross, inatsegulidwa mu Novembala 2009.

Kufupi ndi holo yakumadzulo kuli mapulatifomu awiri osaya, ndipo malaini atatu amagawana omwewa: Circle, Hammersmith & City ndi Metropolitan. Apa mpamene alendo ambiri amakwera yolakwika, chifukwa sitima zitatu zopita kosiyana zimaima malo amodzi. Werengani chikwangwani chowala pamwamba ndi dzina lolembedwa kutsogolo kwa sitima. Sitima za apa ndi zazikulu, zoziziritsidwa mkati, ndipo mungayende kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo osatsegula chitseko.

Kutsika ndi esikaleta, yoyamba kuipeza ndi Victoria, pansi pake Piccadilly, ndipo yakuya koposa ndi Northern. Iliyonse ili ndi mapulatifomu awiri, ina yopita uku ina yopita uko. Onse pamodzi ndi 8.

Chimene chimapulumutsa mlendo ndi mitundu. Piccadilly ndi ya buluu wakuda, Victoria ya buluu wowala ngati thambo, Northern yakuda, Circle yachikasu, Hammersmith & City yapinki, Metropolitan yofiirira ngati chitedze chakupsa. Mtundu wa pa mapu ndi womwewo wa pa zikwangwani. Mapu ake, amene Harry Beck anawakonza n'kutuluka mu 1933, sasonyeza mtunda weniweni, amangosonyeza kuti siteshoni iyi ikatha pakubwera iti ndi pamene malaini akumana.

Ngati zonse zinakonzedwa bwino, bwanji anthu amadandaula kuti amayenda mtunda wautali mkatimo?

Chifukwa siteshoni imeneyi palibe anaikonza yonse nthawi imodzi. Iyi ndiyo mfundo imene ndimafuna aliyense aimve. Metropolitan, Piccadilly ndi Northern zinamangidwa ndi makampani osiyana, opikisana, aliyense ndi khomo lake ndi tikiti yake. Anaikidwa pansi pa bungwe limodzi mu 1933 mokha. Siteshoni yoyamba ya Metropolitan inalinso chakum'mawa, kutali ndi malaini akuya, ndipo anaisunthira pamene ili lero mu 1941, nkhondo ili mkati, kuti kusintha kusavute. Ili ngati nyumba ya m'komboni imene bambo anamanga zipinda ziwiri, mwana anawonjezera chachitatu kumbuyo, mdzukulu n'kuboola khoma kuti apeze khomo. Chipinda chilichonse pachokha n'chabwino. Mavuto amakhala polumikizira.

Chitsanzo n'chakuti mukalowera ku holo yakumpoto n'kumapita ku Victoria, mumayenda m'khonde lalitali la pansi limene limaoneka ngati silitha, pamene wolowera ku holo yakale amangotsika esikaleta n'kufika. Njira yaitaliyo anaikonza dala kuti khamu ligawike, lisaunjikane pamalo amodzi. Chifukwa chake mudzachimva pa funso lotsatira. Amene tinkadutsa tsiku ndi tsiku tinkadziwa khomo loyenera laini yathu, ndipo tinkadziwanso bogi yoti tikwere kuti potsika tiyang'anizane ndi potulukira.

Ndinamva kuti munabuka moto umene unapha anthu. Zinachitika bwanji?

Panali pa 18 Novembala 1987, cha m'ma 19:30, khamu la madzulo litayamba kuchepa. Maesikaleta ochokera ku Piccadilly kukwera ku holo yakale anali ndi masitepe a matabwa. Kusuta kunali koletsedwa kale pansi, koma ambiri ankayatsa fodya ali pa esikaleta, poti atsala pang'ono kutuluka. Ofufuza anapeza kuti machesi oyaka anagwera pampata wa m'mbali mwa masitepe n'kutera pa girisi wosakanikirana ndi fumbi ndi tizinyalala tounjikana zaka zambiri.

Poyamba unali moto waung'ono, woti oona ankaganiza kuti uzima msanga. Ozimitsa moto anafika. Apolisi anayamba kutulutsa anthu kudzera pa maesikaleta a Victoria, amene ankakathera m'holo yomweyo. Nthawi ya 19:45 malawi anathamanga mokwera esikaleta n'kuphulikira m'holo ya matikiti ndi utsi wakuda bii. Anthu 31 anamwalira, mmodzi wa iwo mkulu wa gulu la ozimitsa moto, Colin Townsley. Mtembo umodzi unakhala wosadziwika mwini wake mpaka 2004.

Akatswiri anadabwa kuti moto waung'ono chotero unakula bwanji m'kanthawi kochepa. Atayesa pa kompyuta, kenako n'kuyatsa esikaleta yoyerekezera, anapeza chinthu chimene sichinkadziwika. Esikaleta ili ngati mfuleni wopendekeka wokhala ndi makoma mbali zonse. M'malo moti malawi aime chilili, anagona m'mfulenimo, kumawotcha matabwa a kutsogolo mpaka onse anayaka kamodzi. Amayi amene amayatsa mbaula amadziwa mmene moto umathamangira ukapeza njira ya mphepo.

Kafukufuku wotsogoleredwa ndi Desmond Fennell anatuluka mu 1988 ndi malangizo 157. Chimene chimandikhudza kwambiri ine monga namwino n'chakuti timoto ting'onoting'ono pa maesikaleta tinkachitika kawirikawiri, ndipo anthu anazolowera, mpaka ankapewa kutitchula kuti moto, n'kumati kwangofuka. Ogwira ntchito ambiri sanaphunzitsidwe kutulutsa anthu pangozi. M'chipatala timadziwa kuti chizindikiro chimene aliyense wachizolowera ndi chimene chimapha wodwala. Akuluakulu a njanjiyo anatula pansi udindo, kusuta kunaletsedwa paliponse, masitepe a matabwa anayamba kuchotsedwa, ndipo omaliza pa njanji yonse, a ku Greenford, anachoka mu 2014. Maholo atsopano aja ndi makonde aatali aja ndi zipatso za phunziro lomweli, kuti anthu onse asadalire khomo limodzi.

M'siteshonimo muli chikwangwani ndi wotchi zokumbukira anthuwo. Ambiri amangodutsa akuthamangira sitima. Ine Novembala aliyense ndinkachepetsa liwiro pamenepo.

Ndiye ndi malo oopsa? Mwana wanga ndimulole?

Muloleni, amayi. Ndisakubiseni, pa 7 Julayi 2005 zigawenga zinaphulitsa bomba m'sitima ya Piccadilly itangochoka pa King's Cross kupita ku Russell Square, ndipo anthu 26 anaphedwa mmenemo, mwa 52 amene anaphedwa mu London tsiku limenelo. Koma tsiku ndi tsiku ndi malo odzaza makamera ndi ogwira ntchito ovala yunifolomu. Zoti mwana asamale ndi zomwe amasamala pa Soweto Market: foni ndi chikwama zikhale kutsogolo. Aime kumbuyo kwa mzere wachikasu, ndipo chinthu chikagwera pa njanji asatsike kukatola, chifukwa njanjizo zili ndi magetsi oposa mavoti 600. Aitane wogwira ntchito. Akamva mawu oti "Mind the gap", akumuuza kuti ayang'ane mpata wa pakati pa sitima ndi pulatifomu.

Ndikutsika ku Heathrow ndi masutikesi awiri ndi thumba la kapenta. Nditani?

Choyamba funsani bwino za zakudya zimene amalola kulowa nazo. Za sitima n'zosavuta: Piccadilly imayambira ku Heathrow komweko ndipo imafika pa King's Cross St Pancras osasintha, ulendo wa pafupifupi ola limodzi. Mukakwera mupeza mpando chifukwa ndi koyambira. Ikani masutikesi pamalo a pafupi ndi chitseko. Sitima ikatuluka m'ngalande ya ku Heathrow imayenda panja, mukuona nyumba ndi mitengo, kenako imalowanso pansi. Mukamva Holborn, kenako Russell Square, konzekani, yotsatira ndi yanu.

Mukatsika musalimbane ndi esikaleta muli ndi katundu wolemera. Kuyambira 2010 mapulatifomu onse amafikika ndi malifiti, tsatani chizindikiro cha njinga ya olumala. Nthawi zina mumakwera lifiti imodzi, kuyenda pang'ono, n'kukwera ina. Chikwangwani chachikasu cholembedwa "Way out" ndicho potulukira, ndipo pambali pake amalemba ngati njirayo ikupita ku King's Cross kapena ku St Pancras. Onani pa tikiti yanu ya sitima yakutali kuti ikunyamukira iti mwa ziwirizi.

Mukakhala pa esikaleta opanda katundu, imani kumanja. Kumanzere ndi kwa othamanga.

Ofuna kupita ku ofesi ya kazembe wathu, Zambia House pa Palace Gate, Piccadilly yomweyo imaima pa Gloucester Road, ndipo kuchokera pamenepo ndi poyenda pansi.

Kondakita amatolera ndalama mkati?

Kulibe kondakita. Mumagunditsa khadi pa kabwalo kachikasu ka pa geti polowa, n'kugunditsanso potuluka, makina amawerengera okha. Khadi lake ndi Oyster, limene linayamba mu 2003 ndipo mumaikamo ndalama ngati tokutaimu, kapena khadi la ku banki logunditsa, limene analola kuyambira 2014. Musananyamuke pitani ku banki yanu mukafunse ngati khadi lanu ligwira kunja ndi ndalama zimene amadula. Gwiritsani khadi limodzimodzi polowa ndi potuluka, ndipo munthu aliyense akhale ndi lake. Ana osafika zaka 11 amayenda ulere ndi wamkulu, mumadutsira pa geti lalikulu.

Inuyo simunasocherepo?

Ndinasochera sabata yoyamba. Ndinkachokera ku ntchito ya usiku, maso akulemera, ndikufuna Euston yomwe ndi siteshoni yotsatira. Ndinaona pa mapu kuti Northern ndi Victoria zonse zimapita ku Euston. Chimene sindinadziwe n'chakuti pa Northern, Euston ili mbali yolembedwa kuti kumpoto, pamene pa Victoria ili mbali yolembedwa kuti kum'mwera. Ndinakwera Victoria yopita kumpoto n'kupezeka pa Highbury & Islington. Ndinakhala pa benchi, misozi ili pafupi, ndikukumbukira kwathu ku Chilenje kumene ukangoima pamsewu kondakita amakufuulira yekha kumene akupita. Mayi wina wosesa, wa ku West Africa mwa kalankhulidwe kake, anaimika tsache lake, anandigwira pamkono mpaka pa chikwangwani cha pakhoma, n'kuyendetsa chala pa mndandanda wa masiteshoni mpaka pa dzina limene ndinkafuna.

Kuyambira tsiku limenelo ndimauza aliyense kuti asadalire kumpoto ndi kum'mwera. Pakhomo la pulatifomu iliyonse pali mndandanda wa masiteshoni amene sitima ya pamenepo ikupita. Dzina lanu likakhalapo, lowani. Mukalakwitsa, tsikani potsatira n'kubwerera osatuluka pa geti. Pa Victoria nthawi ya khamu sitima imabwera mphindi ziwiri zisanathe, choncho palibe chothamangira chitseko chikutsekeka.

Kuno ku Africa zilipo?

Zilipo. Cairo inatsegula yake mu 1987, ndipo pa siteshoni ya Sadat, pansi pa Tahrir Square, malaini awiri amakumana. Algiers inatsegula mu 2011. Chapafupi ndi Gautrain ya ku Johannesburg, imene inayamba mu 2010, ndipo kuchokera pa Park Station kudutsa Rosebank ndi Sandton imayenda pansi pa nthaka. Amalonda athu opita ku Joni ndi basi amatsikira pa Park Station pomwepo. Addis Ababa ili ndi sitima yopepuka ya mu 2015, koma mbali yaikulu imayenda pamwamba.

Amalume anu akufunsa: nanga ife ku Lusaka sitingakumbe yathu pansi pa Cairo Road?

Amalume, mtima wanga ukufuna, koma nthaka yathu si ya London. Pansi pa mbali yaikulu ya Lusaka pali mwala wa laimu ndi dolomaiti, womwe uja amayi amaswa m'mbali mwa msewu. Ndi wolimba pokumba, komanso uli ndi ming'alu ndi mapanga odzaza madzi, ndipo madziwo ali pafupi kwambiri. N'chifukwa chake Kanyama ndi Misisi zimamira dzinja lililonse, ndipo zimbudzi zimakumana ndi zitsime mpaka kolera kubuka monga mu 2017 ndi 2018. Kukumba m'mwala wotere kumatheka, koma ndalama zake n'zochititsa mantha. Ngakhale a Gautrain atafika pa dolomaiti wa ku Centurion anakweza njanji pa milatho.

Kenako pali magetsi. Siteshoni ya pansi imapuma ndi magetsi: mapampu otulutsa madzi, mafani, nyali, malifiti, sitima zimene. Tonse tikukumbuka 2024, madzi atachepa ku Kariba, mmene tinkakhalira tsiku lathunthu mumdima. Walira mvula walira matope.

Koma chimene ndinachiona pa King's Cross, chimene chimandipweteka ndikaima pa Kulima Tower dzinja, si kuya kwake. N'chakuti kumeneko anatha zaka zoposa 100 akukonza kamtunda ka pakati pa sitima ndi sitima, ndipo ife kamtunda kameneko sitinakaganizirepo mokwanira. Intercity pa Dedan Kimathi Road ili pafupi ndi siteshoni ya sitima. Kulima Tower, Millennium, City Market ndi Lumumba zili tsidya lina la njanji ndi Cairo Road. Gogo wotsika basi ya ku Chipata ndi thumba la nshawa pamutu ayenera kudzipezera yekha njira pakati pa magalimoto ndi matope. Njira yofoleredwa ya oyenda pansi, zikwangwani za mitundu zonena basi iyi ikupita kuti, malo odutsira msewu olemekezeka, khadi limodzi lolipirira ulendo wonse, zonsezi sizifuna kukumba ngakhale mita imodzi. Milatho ya pa Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres inathandiza a magalimoto. Oyenda pansi ndi okwera minibasi ndiwo ambiri mumzinda muno.

Ndipo akuluakulu akukumbuka sitima ya Njanji imene inkayenda pakati pa Matero ndi Chilenje m'zaka za m'ma 1990. Ine ndinaikwerapo ndili mtsikana, titapanikizana ndi amayi a madengu a tomato. Inali njira yodutsa tauni popanda kusintha basi, pamwamba pa nthaka, ndipo tinaisiya kufa mpaka misika ndi nyumba zinamera m'njira yake.

Mphwanga akukandichingamira kumeneko. Tigwirizane kukumana pati?

Musanene kuti "pa King's Cross" basi, mudzasakana mpaka usiku, chifukwa makomo ndi ambiri ndipo masiteshoni ndi atatu. Musagwirizanenso pa pulatifomu ya pansi, poti khamu silikulolani kuima ndipo foni imatha kudula. Malo osasowa ali m'siteshoni ya St Pancras, pamwamba pamene sitima za Eurostar zimaima: kumapeto kwa denga lalikulu lagalasi kuli wotchi yaikulu, ndipo pansi pake pali chiboliboli chamkuwa cha mwamuna ndi mkazi akukumbatirana, chachitali mamita 9. Wogwira ntchito aliyense akulozerani. Mutumizireni mphwanuyo uthenga muli ku Heathrow, musanalowe m'sitima, n'kumuuza kuti mufika pakatha ola limodzi ndi theka. Juzi ikhale m'manja, osati pansi pa sutikesi, chifukwa pansi pamakhala potentha koma mukangokwera pamwamba paja mphepo yake imalowa mpaka m'mafupa.